Bawuti yomaliza ikakana kutuluka, musaimenye

Ndinali m'chaka chachiwiri cha usipanala boyi pa galaja ina ku Biwi mu Lilongwe pamene lole inatsala pang'ono kundiponda. Inali Fuso Fighter yakale yonyamula mchenga ndi kwale, ndipo inabwera kilatchi itatheratu, moti ikafika pachitunda injini inkangolira, galimoto osasuntha. Dalaivala anaiimika pabwalo, anakoka hendibuleki, n'kupita kukadya tchipisi kumsewu. Bwalo lathu linali lotsetsereka pang'ono kulowera kungalande. Ndi maso sukanaona, koma mvula ikagwa madzi ndi amene ankaulula.

Madala amene ankandiphunzitsa ntchito anali atapita kwa ogulitsa masipeya kukafunsa mtengo wa kilatchi puleti. Pochoka anangonena kuti, "Iwe, yamba kumasula propu, ndikupeza."

Ndinalowa kunsi ndi katoni yanga yogonera ndi masipanala awiri. Propu ndi chitsulo chachitali chozungulira chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku difu, bokosi la magiya lili pakati pa matayala akumbuyo. Kumbali ya difu propu inagwidwa ndi mabawuti anayi. Atatu anatuluka bwinobwino. Yachinayi nati inachoka, koma bawutiyo inakakamira m'bowo, osagwedera n'komwe. Ndinati ndi dzimbiri limeneli. Ndinatenga hamala ndi panchi, kumenya kamodzi, kawiri. Kachitatu bawuti inathawa ngati mwala wa palegeni, propu inandigwera pachifuwa, ndipo ndinangoona difu ikubwera kumaso kwanga. Miyendo yanga inali kunja, kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Mmene ndinaipindira sindikudziwa. Lole inayenda mapazi awiri kapena atatu n'kukaima pa chitsa cha mango chimene tinkakhalira pakudya. Tayala linaponda bokosi langa la masipanala n'kuliphwatalala ngati chitini cha sobo, ndipo linang'amba mwendo wa ovolosi.

Madala atabwera sanandikalipire. Anayang'ana bokosi lija, anayang'ana matayala, n'kundifunsa kuti, "Chipika unaika pati?" Ndinayankha kuti hendibuleki inali yokoka. Anandigwira dzanja, tinalowa limodzi kunsi, n'kundionetsa kadiramu kakang'ono kumbuyo kwa giyabokosi. "Hendibuleki yako ndi imeneyi. Imagwira propu, sigwira matayala. Wachotsa propu, wachotsanso buleki. Ndipo bawuti ija sinali ndi dzimbiri, mwanawe. Inanyamula galimoto yonse."

Malole ambiri akale ochokera ku Japan, kuphatikizapo a Canter ndi a Isuzu Elf amene adzaza m'misewu mwathu, anapangidwa choncho. Kusukulu mwina amanena, koma ine ndinaphunzira nditagona m'fumbi. Ndalemba izi chifukwa anyamata ambiri amene akulowa ntchito ya malole, mathirakitala ndi makina okonzera misewu amaphunzitsidwa kumasula msanga, koma saphunzitsidwa kufunsa kuti chimene akumasulacho chagwira chiyani. Pa galimoto yaing'ono ukalakwitsa umakwatuka chala. Pa lole, zimathera kumanda.

Ndiye masiku ano ndisanagwire sipanala ndimayamba ndi matayala. Zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala, ndipo zikhale za mtengo wolimba, osati njerwa kapena mabuloko a simenti, chifukwa amenewo amaphwanyika mwadzidzidzi popanda kuchenjeza. Kiyi ndimachotsa n'kuika m'thumba mwanga, osati m'thumba la dalaivala. Ndinaonapo dalaivala akuliza injini kuti amvere wailesi munthu ali kunsi. Kenako batire. Malole akuluakulu ambiri amayendera 24 volts, mabatire awiri a 12 volts olumikizana, ndipo waya woyamba kuchotsa ndi wa negetivu. Chifukwa chake n'chapafupi: ukayamba ndi pozitivu, sipanala ikangokhudza tchesi imathetheka moto n'kusungunuka m'manja. Amene mumavala mphete muzivula.

Jeke ndi yokwezera basi. Ikakweza, kulemera kukhale pa masitandi achitsulo, ndipo ngati pansi ndi dothi, sitandi ikhale pa thabwa lochindikala kuti isamire. Jeke ya oyilo imatsika yokha silo ikatopa, ndipo siikuuza tsiku.

Mphamvu ina imene simaoneka ndi mpweya. Lole ya mabuleki a mpweya imasunga mabar 8 (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya kapena mafuta) kapena kuposerapo m'mathanki ake, ngakhale injini itazima dzulo. Musanamasule paipi iliyonse, kokani kavalavu ka pansi pa thanki iliyonse mpaka geji ifike pa 0. Ngati lole ndi ya ma airbag, matumba a mpweya onyamula tchesi m'malo mwa masipuling'i, kumbukirani kuti mpweya ukatuluka tchesi imatsika, ndiye mutu kapena mkono usakhale pakati pa tayala ndi bodi. Koma chimene ndimaopa kwambiri pa zonse ndi busita ya mabuleki akumbuyo. Mkati mwake muli sipuling'i yaikulu yopanikizidwa, imene ntchito yake ndi kugwira lole yodzaza katundu mpweya ukatha. Musanatsitse busita muyenera kumanga sipuling'iyo ndi bawuti yake yapadera. Pa malole a ku America monga Freightliner bawutiyo imasungidwa m'kathumba ka m'mbali mwa busita momwemo, mumailowetsa kumbuyo, kuikhotetsa kuti ikole, n'kumanga nati. Pa malole ambiri a ku Ulaya bawutiyo imakhala kale kumbuyo, mumangoipukusa kuti ituluke. Mukatero tayala limenelo latsala lopanda buleki, ndiye tabwereranso ku zipika zija. Ndipo chipinda cha sipuling'i sichitsegulidwa. Busita ikawonongeka imasinthidwa yonse. Anyamata otola zitsulo zakale amene amadula mabusita ndi gilayinda kuti agulitse pa sikelo akusewera ndi imfa, ndipo mukawaona muziwaletsa.

Tipa nayo ili ndi msampha wake. Bodi ikakwera, chimene chaigwira m'mwamba ndi oyilo yekha. Munthu akamasula paipi ya haidiroliki, kapena kungogunda chogwirira cha valavu ndi chigongono, bodi imatsika, ndipo pakati pa bodi ndi tchesi sipatsala malo a munthu. Bodi ikhale yopanda katundu, ndipo muiikire chitsulo chake chochirikizira. Ngati chinathyoka kalekale, monga zimakhalira pa matipa ambiri, pezani mtanda wolimba muupinge bwino. Oyilo akamadontha pa paipi yoti ili ndi mphamvu, musafufuze bowo ndi chala. Gwiritsani ntchito chidutswa cha katoni. Oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono amaboola khungu ngati jakisoni, bala limaoneka laling'ono, koma limafuna kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa dzanja limatha kuwola. Chimodzimodzi mapaipi a majekita, opopera dizilo mu injini, pa injini zamakono za common rail, mmene dizilo amadutsa mabar 1,500.

Kupendeketsa kebini ndi nkhani yachidule, koma ili ndi zoseketsa zake. Giya ikhale pa nyutulo, zitseko zotseka, ndipo mutulutse katundu wa dalaivala. Madalaivala oyenda ku Beira ndi ku Dar es Salaam amakhala ndi nyumba yonse mmenemo: mapoto, kasilinda ka gasi, chigubu cha madzi. Tsiku lina poto inauluka kuchoka pabedi n'kuswa galasi lakutsogolo, ndipo ndalama ya ntchito yonse inathera pomwepo. Kebini ipite mpaka kumapeto, kapena ikoledwe ndi chitsulo chake. Yongolekera pakati musalowe kunsi kwake.

Tsopano giyabokosi yeniyeniyo, imene imayenera kutsika kuti mufike pa kilatchi. Ya lole yaikulu, monga ZF ya magiya 16 kapena Eaton Fuller, imalemera makilogalamu pafupifupi 300. Imeneyi si yoti anyamata anayi anyamule ndi mphamvu za nsima. Pamafunika jeke ya giyabokosi kapena tcheni buloko yokoleka pa mtanda wachitsulo. Ndikudziwa kuti ambiri tinayambira pansi pa mtengo, koma nthambi ya mango imathyoka mosayembekezeka, ndipo ine ndinasiya. Oyilo ndimayamba ndakhetsera m'chidebe choyera, osati kuti ndimubwezeremo, koma kuti ndimuone. Pa pulagi pamakhala maginito. Tizitsulo tosalala ngati ufa si nkhani, koma mukapeza tizidutswa togwirika ndi zala, muuzeni mwini galimoto nthawi yomweyo kuti vuto si kilatchi yokha. Akamva mochedwa amaganiza kuti mwawononga ndinu.

Musanachotse bawuti yomaliza, onani ngati kumbuyo kwa injini kuli chochirikiza, chifukwa pa malole ena mamawunting'i akumbuyo ali pa giyabokosi. Kenako zungulirani giyabokosi yonse ndi dzanja. Nthawi zonse pamakhala kena kotsalira: waya wa sipidomita, paipi ya mpweya ya splitter (chogawa giya iliyonse pawiri), waya wa ethi wobisala pamwamba. Njira imene madala anandiphunzitsa ndi yakuti utenge mabawuti awiri aatali, udule mitu, uwalowetse m'mabowo a belu hauzing'i, chivindikiro cha kilatchi cholumikiza giyabokosi ku injini, mbali iyi ndi iyo. Giyabokosi imatsetsereka pa iwo molunjika mpaka shafiti yakutsogolo itatuluka mu kilatchi. Ikapendekeka isanatuluke, kulemera konse kumatsamira pakati pa kilatchi puleti n'kuipinda. Potsitsa mwina simudandaula poti puleti ndi yakale, koma pokweza muwononga yatsopano imene bwana wagula modandaula. Giyabokosi ikakana kubwerera m'mbuyo, musailowetse chitsulo n'kuikanula. Pa malole ambiri akuluakulu kilatchi ndi yokoka, ndipo bering'i yake imakhala itakola, iyenera kumasulidwa kaye. Pulesha puleti mumamasula pang'onopang'ono modumphadumpha, bawuti iyi kenako ya kutsidya, chifukwa nayonso ili ndi sipuling'i, ndipo wina aigwire isakugwereni paphazi.

Zimene ndanenazi ndi zoteteza thupi. Zotsatirazi ndi zoteteza dzina lanu, chifukwa kuphwasula aliyense amatha. Mmisiri amaoneka tsiku lobwezeretsa.

Ndinachitapo manyazi ndi propu ina. Ndinaisolola pa silipi jointi, pamene zigawo zake ziwiri zimalowana ndi mano, kuti ndisinthe kolosi, kamtanda ka pamfundo yake, osaika chizindikiro, n'kuibwezera mmene inalowera. Lole inanyamuka bwinobwino, koma isanafike n'ku Nathenje komwe dalaivala anaimba foni kuti galimoto ikunjenjemera mpaka magalasi a m'mbali sakuoneka. Mafoloko awiri a propu, amene amagwira makolosi kumapeto kwake, amayenera kuyang'ana mbali imodzi, ndipo ukaphonya ngakhale mano awiri okha imagwedeza galimoto yonse n'kudya mabering'i. Mapropu ena ali ndi mivi yodinda kale, koma imakwiririka ndi matope. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene chingalowe mbali ziwiri ndimachidinda ndisanachichotse. Choko sindimukhulupirira, amafufutika ukangotsuka ndi dizilo. Ndimagwiritsa ntchito panchi, kadontho kamodzi apa ndi apo, kapena penti. Makapu a mabering'i a mu difu ndi a mu injini sasinthanitsidwa, lililonse limabwerera pamalo pake komanso moyang'ana kumene linkayang'ana. Mashimu, tizitsulo topyapyala tochepetsa mpata, amene mwapeza kumanzere amangeni pamodzi ndi waya n'kulemba kuti kumanzere. Mukawasakaniza, difu idzalira ngati ili pamaliro.

Foni imene muli nayo m'thumbayo ndi chida. Jambulani musanachotse, jambulani mutachotsa chimodzi, makamaka pa mavalavu a mpweya pamene mapaipi asanu ndi limodzi akuda ofanana amalowa malo amodzi. Paipi iliyonse ndimaimata tepi n'kulemba nambala, ndipo nambala yomweyo ndimalemba pa valavu. Musamadzinamize kuti mukumbukira. Sipeya ikhoza kutenga milungu itatu kuchokera ku Johannesburg, ndipo pofika tsikulo mudzakhala mutagwira magalimoto ena khumi. Mwinanso wobwezeretsa adzakhala mnzanu, inu muli kumudzi.

Mabawuti ndimawabaya pa katoni. Ndimajambula chithunzi cha chinthucho mwachisawawa, kuboola mabowo, bawuti iliyonse pamalo pake. Zimaoneka ngati zachibwana mpaka tsiku limene mudzalowetse bawuti yaitali m'bowo lalifupi n'kumva hauzing'i ya aluminiyamu ikuti thee. Zamkati mwa giyabokosi ndimaziyala pa tebulo motsatana mmene zatulukira, kuyambira kumanzere, ndipo palibe amene amaloledwa kusuntha kanthu pofuna malo oika mbale ya nsima. Mabawuti a silinda hedi amamasulidwa injini itazizira, pang'onopang'ono, kuyambira kunja kulowera pakati, mosemphana ndi mmene amamangidwira. Ngati buku la galimotoyo lilipo, kaya pa intaneti, tsatirani limenelo. Safunsa anadya phula.

Fumbi ndi mdani wina amene timamuderera. Tsukani malo onse musanatsegule, osati mutatsegula. M'miyezi ya September ndi October kuno kamvuluvulu mmodzi amakwanira kudzaza mchenga mu injini yotsegula. Bowo lililonse, paipi iliyonse ya dizilo, ya oyilo kapena ya tebo ndimaivala jumbo yoyera n'kumanga ndi lekeni. Kutsekera ndi sanza sindikufuna pa galaja panga. Sanza imasiya ulusi, komanso imaiwalika. Ndinatsegulapo injini yoti yauma osazunguliranso n'kupeza chidutswa cha malaya chitatseka sefa ya pampu ya oyilo. Fumbi la mabuleki ndi la kilatchi musalipemerere ndi kompuresa, chifukwa malaining'i ena akale ndi ena otchipa ali ndi asbestos amene amawononga mapapo patapita zaka. Linyowetseni n'kupukuta.

Nanga bawuti ikakhala kuti yagwiradi dzimbiri? Choyamba tsimikizani kuti mukupotokolera koyenera. Pa malole ambiri akale a ku Japan manati a matayala akumanzere amamasukira mbali yosiyana, ndipo pa sitadi pamakhala chilembo L. Ndaonapo amuna awiri atakwera pa paipi yaitali, akudumpha, akuganiza kuti akumasula pamene akumanga, mpaka sitadi kuduka. Ngati mbali ndi yolondola, palani ndi bulashi yawaya, thirani mafuta omasulira dzimbiri, pitani mukamwe tiyi. Gwiritsani ntchito soketi ya makona 6 yokwana bwino, osati shifiting'i. Nthawi zina kumanga pang'ono kaye kumathyola dzimbiri. Moto ndi womaliza, ndipo mumatenthetsa nati, osati bawuti, kutali ndi thanki ya dizilo ndi mapaipi apulasitiki a mpweya. Pa limu yoti ili ndi tayala moto usayandikire n'komwe, ngakhale mutaphwetsa, chifukwa tayala limatha kuphulika. Malimu aja okhala ndi ring'i yochotseka yogwira tayala, phwetsani mpweya wonse musanamasule nati ngakhale imodzi, ndipo ngati ndi matayala awiri ophatikiza, phwetsani onse.

Bering'i imachotsedwa ndi pula, chida choikokera. Ngati palibe, menyerani pa chitsulo chofewa cha buronzi, osati hamala pa bering'i mwachindunji. Chitsulo cha bering'i n'cholimba koma chimabenthuka, ndipo kachidutswa kake kakalowa m'diso ntchito ya umakaniko yathera pomwepo. Magalasi otchinga maso ndi otchipa kuposa soketi imodzi.

Pali zinthu zimene zikachoka sizibwerera: masilo, magasiketi, masipiliti pini, manati okhala ndi pulasitiki mkati, mawashala opinda, ndi mabawuti a hedi pa injini zimene buku likuti asinthidwe. Apa ndi pamene timakangana ndi eni magalimoto, ndipo ndimawamvetsa, ndalama ikuvuta. Koma silo ya kumbuyo kwa kirankishafiti ndi yotchipa poyerekeza ndi kutsitsanso giyabokosi mwezi wamawa oyilo atanyowetsa kilatchi yatsopano. Ndimawaitana, kuwaonetsa ndi maso pamene giyabokosi ili pansi, n'kunena kuti, "Bwana, apa patseguka kale, tisinthiretu." Akakana ndimalemba m'kope kuti akana. Msomali m'malo mwa sipiliti pini pa nati ya habu, zimenezo ayi, ngakhale atandichonderera bwanji. Tayala la lole likathothoka pa M1 silisankha kuti uyu ndi wanjinga kapena mwana wasukulu. Pobwezeretsa matayala, manati a M22 a malole a masitadi 10 amafuna mphamvu yomangira ya pafupifupi 600 Nm, ndipo chimene chimadziwa nambala imeneyo ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, osati kulemera kwa mnyamata wokwera pa paipi. Akayenda makilomita 50 mpaka 100 amangidwenso.

Chimene chimatipweteketsa kawirikawiri ndi phuma la ena. Mwini katundu akuimba foni, dalaivala waima pamutu pako akuti boda ya Mwanza itseka, bwana akuti mawa pali ulendo wa fetereza. Ine ndimawapatsa mpando pamthunzi. Madala aja ankati galimoto ikachedwa tsiku limodzi mwini wake amakwiya, koma amabweranso.

Pano ndili ndi galaja yangayanga ndi anyamata atatu. Bokosi lophwatalala lija ndikadali nalo, ndimasungiramo mabawuti odula mitu aja. Mwezi wathawu kunabwera Canter ya kilatchi, ndipo ndinatuma wamng'ono pa onse kuti amasule propu. Zipika anaika, ndinaona ndekha. Patapita kanthawi ndinamva akuitana ali kunsi.

"Madala, yomalizayi yakana."

"Hamala ili kuti?"

"Sindinaigwire. Ndati muone kaye."

Ndinamuuza kuti atuluke. Tinakankhira zipika pafupi ndi matayala, ndinakwera n'kutsitsa hendibuleki, giya pa nyutulo. Galimoto inasuntha pang'ono chabe n'kutsamira pa chipika. Tinakweza tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke mpaka litasiya pansi, tinaika sitandi, ndipo ndinamuuza kuti agwedeze propu ndi dzanja. Inagwedera. Bawuti ija anaisolola ndi zala ziwiri.